Malenzi akale musawataye msanga

Alembi, mwanena kuti wosamukira ku makamera a mirrorless (opanda kagalasi mkati) ayenera kugulanso malenzi onse. Apo ndiye ayi. Canon ndi Nikon atatulutsa makamera a mirrorless a EOS R ndi Z6 mu 2018, anatulutsanso maadaputa olumikizira malenzi akale ku makamera atsopanowo. Malenzi akale a Canon a EF amagwira bwinobwino pa makamera ake atsopano a RF, a Nikon a F nawo amalowa pa makamera a Z kudzera pa adaputa ya FTZ. Koma inu a Nikon chenjerani: malenzi akale a AF-D alibe mota yoyendetsa fokasi mkati, ndiye pa FTZ fokasi mudzachita kupotokola ndi dzanja.

Chomwe simunatchule ndi batire. Pa mirrorless, sensa (kachipangizo kolandira chithunzi) ndi kasikirini koyang'anira pojambula zimangokhala zoyaka, moto sukhalitsa ngati pa makamera a DSLR okhala ndi kagalasi mkati. Anzanga ojambula maukwati tsiku lathunthu, ndalama ya mabatire apadera muiwerengeretu musanagule kamerayo.