Si potaziyamu amene anapha mbuna za mlamu wanga

Mlamu wanga amasamalira thanki yagalasi ya nsomba za mbuna pamalo ena ogona alendo, mumsewu wopita ku Monkey Bay. Loweruka lapitali anandiimbira foni m'mamawa, mawu akunjenjemera. "Alamu, mbuna zisanu zagona chagada, zinazo zikungoyasamula pamwamba pa madzi. Ndi potaziyamu munkanena uja."

Zoona, ndinanenadi za potaziyamu. Zomera za m'thanki yakeyo zinali ndi timabowo m'masamba, ndipo ndinamuuza kuti mwina zikusowa mchere umenewu. Koma nditafika n'kufunsa chomwe anathira, anandionetsa thumba la feteleza wa chimanga, wolembedwa 23:10:5, ndi kapu ya tiyi yomwe anatapira. Akuti atamva kuti nambala yachitatu ndi ya potaziyamu, anaona ngati wapeza njira yachidule.

Ndiye ndati ndilembe, chifukwa mbiri yayamba kale kuyenda pakati pa anzathu oweta nsomba za m'galasi kuti potaziyamu ndi poizoni. Ine ndikukana. Pa zakudya zitatu zikuluzikulu za zomera (naitrojeni, fosforasi ndi potaziyamu), potaziyamu ndiye wofatsa kwambiri kwa nsomba. Amasowanso kawirikawiri, popeza chakudya cha nsomba ndi ndowe zake zimabweretsa naitrojeni ndi fosforasi wambiri m'madzi, pamene potaziyamu amabwera wochepa.

Tawerengani bwino thumba lija. Kuti mupeze magawo 5 a potashi, yemwe ndi potaziyamu wa m'feteleza, mwathira magawo 23 a naitrojeni, ndipo wambiri mwa iye ndi wa mtundu wa yureya ndi amoniyamu. M'munda zimenezi ndi madalitso. M'thanki zimasanduka amoniya, amene amawotcha ziwalo zopumira za nsomba. Ife a kuno tili pangozi yoposa ena pa zifukwa ziwiri. Madzi a nyanja yathu, omwe mbuna zinazolowera ndipo timayesetsa kuwatsanzira m'thanki, ali ndi pH (muyeso wa asidi m'madzi, womwe umakwera asidi akamachepa) ya cha m'ma 8. pH ikakwera ndi 1 yekha, kuchoka pa 7 kufika pa 8, gawo la amoniya lakupha lija limachuluka pafupifupi kakhumi. Kutentha kumawonjezeranso, ndipo kutentha kwa Mangochi mu Okutobala simufunika kuuzidwa. Akanakhala ndi thumba lakale lija la 23:21:0+4S bwenzi ndikuseka ndi kulira pamodzi, chifukwa mmenemo potaziyamu mulibe ndi pang'ono pomwe. Ziro ameneyo akutanthauza zimenezo.

Pali zinthu zina ziwiri zokhala ndi potaziyamu zomwe ndikupempha musayandikize kuthanki. China ndi potassium permanganate, timibulu tomwe timasandutsa madzi kukhala a mtundu wa pepo, totsukira zilonda. Si chakudya cha zomera chimenecho. Chimapha tizilombo tabwino ta mu fyuluta tomwe timagaya amoniya, ndipo chikachuluka chimapsereza nsomba. China ndi chidulo. Amayi athu akamasungunula phulusa kuti aphikire therere, m'madzi oterera aja mulidi potaziyamu, sindikutsutsa. Koma mphamvu yomwe imafewetsa chigwada ndi yomweyo imakweza pH mwadzidzidzi. Wina anandiuza kuti "n'zachilengedwe". Ndi ng'ona za mu Shire n'zachilengedwenso, achimwene.

Woyenera ndi sulphate of potash, amene pathumba amalemba SOP, kapena wamadzi wopangidwira zomera za m'thanki ngati mwamupeza. Muriate of potash, MOP, amagwiranso ntchito pa mlingo wochepa, ngakhale ine ndimakonda SOP. Chachikulu n'choti m'thumbamo mukhale iyeyo yekha, wosasakaniza ndi china.

Masamu ake si ovuta. Pafupifupi 45 peresenti ya SOP ndi potaziyamu weniweni, choncho galamu imodzi m'malita 100 a madzi imapereka mamiligalamu 4.5 pa lita. Ambiri oweta zomera amasunga pakati pa 5 ndi 20. Thanki ya mlamu wanga ndi ya malita 200, ndiye magalamu 2 pa sabata ndi poyambira pabwino. Magalamu awiri, osakwana n'komwe theka la supuni yaing'ono ya tiyi! Iye anathira kapu. Ngati mulibe kasikelo kakang'ono, pemphani wina akuyezereni magalamu 20, musungunule m'botolo la lita imodzi, mulembe dzina pabotolopo kuti ana asamwe, ndipo muzithira mamililita 100 pa sabata. Ufa wosasungunuka musamwaze m'thanki, mbuna zimatola chilichonse chogwa.

Nyengo yotentha ino madzi amauma msanga, ndipo ambiri timangowonjezera ena pamwamba. Chomwe chimauluka ndi madzi okha, mchere umatsala. Mukamathira feteleza sabata ndi sabata osatayako madzi akale, mlingo uja umakwera inu osadziwa. Tayani gawo limodzi mwa magawo atatu sabata iliyonse, kenako muthire ena atsopano. Madzi a pampopi muyambe mwawachotsa klorini.

Apa ndivomere kulakwa kwanga. Ndinatchula potaziyamu ndisanayang'anitsitse masamba. Akasowa, zizindikiro zimayambira pa masamba akale: timabowo ting'onoting'ono ngati toboola ndi singano, tozungulidwa ndi chikasu kapena kuderako, m'mbali mwa tsamba mukufota. Loweruka lija nditazula tsamba limodzi n'kuliyang'ana padzuwa, ndinapeza lili long'ambikang'ambika, la nsonga zodukaduka, masamba atsopano omwe. Amenewo ndi mano. Mbuna kwawo n'kumiyala, monga ya ku Cape Maclear, kumene zimakhalira kupala ndere tsiku lonse. Mukaziika m'galasi lokhala ndi zomera zofewa, mwaziikira ndiwo, ndipo zotsalazo zimafukula. Zimene zimapirirako ndi Vallisneria, udzu wautali uja umameranso m'malo osaya a m'nyanja yathu momwemu, komanso Anubias ndi Java fern zomangirira pamwala, popeza masamba ake ndi olimba.

Mukathira SOP, musayembekezere kuti tsamba lobooka litsekeka. Silitsekeka. Yang'anani omwe akuphuka, ndipo muwapatse milungu itatu kapena inayi. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsiku lija tinataya theka la madzi, mawa lake theka linanso, Lolemba chimodzimodzi, ndipo nsomba sitinazipatse chakudya masiku awiri. Zotsalazo zayambanso kuthamangitsana m'miyala. Madzi okha ndiwo ayamba kubiriwira ndi ndere, chifukwa cha fosforasi ndi naitrojeni wotsalira. Thumba lija mlamu walibwezera kwa mkazi wake, amene mpaka lero sakudziwa kuti mwachoka kapu imodzi.