Kodi mpope wa mfuti wotchipa ungafanane ndi wodula?

Alenje ndi anthu ochita mipikisano yowombera chandamale amakangana kawirikawiri pa funso lakuti kodi mpope wa mfuti wotchipa ungalase molondola ngati uja wodula womwe amisiri otchuka amapanga umodziumodzi. Maganizo anga ndi akuti ungathe ndithu, koma wogula sangadziwiretu ngati womwe wamugwera m'manja ndi wabwino kapena ayi, ndipo amene amalipira ndalama zambiri kwenikweni amagula mtendere wa mumtima pa nkhani imeneyi.

Mkati mwa mpope mumakhala mizere yokumbika yomwe imazungulira, kuti chipolopolo chizituluka chikupota ndi kuyenda mosapatuka. Ambiri amaganiza kuti njira yokumbira mizereyi ndiyo imasiyanitsa mpope wabwino ndi woipa, koma ine sindikuvomereza. Makampani a Krieger ndi Bartlein, a ku Wisconsin m'dziko la America, amagwiritsa ntchito njira ya cut rifling, pomwe kampeni kamodzi kamapala chitsulo pang'onopang'ono maulendo ambirimbiri mpaka mzere uliwonse utakwana. Njirayi imadya nthawi, n'chifukwa chake mipope yawo ndi yodula. Koma Shilen ndi Lilja, omwenso mipope yawo imalemekezedwa m'mipikisano, amadutsitsa kachitsulo kolimba kwambiri m'bowo kamodzi kokha, ndipo njira yomweyi ya button rifling ndi imene Savage imapangira mfuti zake zambiri zotsika mtengo. Palinso hammer forging, pomwe nyundo za makina zimasula chitsulo mozungulira ndodo yokhala kale ndi maonekedwe a mizereyo, mpope n'kutha m'mphindi zochepa. Mfuti za Tikka ndi Sako za ku Finland zimapangidwa motero, ndipo palibe mlenje wodziwa zinthu amene angazinyoze.

Kusiyana kwenikweni kuli pa ntchito yomwe diso la wogula siliona. Chitsulo chikabooledwa ndi kupanikizidwa chimatsala chokungika mkati, ndipo chimafunika kuchitenthetsa mu ng'anjo ndi kuchiziziritsa mwapang'onopang'ono kuti chimasuke. Ntchitoyi ikachitika mothamanga, mpope umayamba kupindika pang'ono ukatentha, moti zipolopolo ziwiri kapena zitatu zoyamba zimagwera pamodzi, koma zotsatira zimanka zisuntha. Amisiri a mipope yodula amasalazanso mkati ndi manja pogwiritsa ntchito mtovu wopakidwa mankhwala okhulira, zomwe zimachititsa kuti mkuwa wa chipolopolo usamakanirire msanga m'mizere. Koposa zonse, amayeza mpope uliwonse ndipo wolephera amautaya, pamene fakitale yopanga zikwizikwi imalola kuti wabwino kwambiri ndi wongokwanira zipakiridwe m'bokosi lofanana.

Chomwe chimasokoneza mkanganowu ndi kayesedwe kathu. Munthu amawombera katatu, zipolopolo n'kugundana pa pepala, iye n'kujambula chithunzi ndi kulengeza kuti mfuti yake yotchipa yagonjetsa zodula zonse. Mapepala ena asanu omwe sanatuluke bwino tsiku lomwelo satiwonetsa, ndipo ndikuvomera kuti chiyeso chobisa mapepala oterewa chimagwira aliyense wokonda mfuti yake. Kuwombera katatu n'kochepa kwambiri moti mwayi wokha ungathe kukongoletsa mpope wamba. Muyeso womwe owombera amagwiritsa ntchito poona kumwazika kwa zipolopolo pa chandamale umatchedwa MOA, ndipo MOA imodzi ndi pafupifupi mamilimita 29 pa mtunda wa mamita 100. Mfuti yomwe imasonkhanitsa zipolopolo zitatu mu MOA imodzi nthawi zambiri imamwaza kuposa pamenepo mukawombera khumi kapena makumi awiri motsatizana, ndipo apa m'pomwe mpope wopangidwa mosamala umayamba kuonetsa mtengo wake.

Tsono funso lofunika ndi lakuti mfutiyo mukufuna kuchita nayo chiyani. Mlenje amawombera kamodzi kapena kawiri mpope uli wozizira, ndipo mfuti ya MOA 1.5 imamwaza masentimita osakwana 9 pa mamita 200, pamene malo a mtima ndi mapapo a nyama yaikulu ndi otakasuka kuposa apo. Munthu wotere akaphonya, mlandu umakhala wa mpweya wake, mphepo kapena kuthamangira kukoka chala. Koma pa mpikisano wowombera patali wotchedwa F-Class, pa mtunda wa mayadi 1,000, kabwalo kapakati penipeni pa chandamale ndi ka mainchesi 5 okha, kutanthauza theka la MOA, ndipo wopikisana amawombera kambiri mpope uli wotentha. Ameneyu akaumira pa mpope ndiye kuti wataya ndalama zonse zomwe analipira pa zipolopolo ndi ulendo.

Pali bodza limodzi lomwe ndimafuna litatha, lakuti mpope wodula umakhalitsa chifukwa ndi wodula. Chomwe chimapha mpope ndi moto wa onga womwe umanyeketsa khosi lake, pafupi ndi pomwe chipolopolo chimayambira ulendo, ndipo motowo susankha mtengo. Kuchuluka kwa onga poyerekeza ndi kukula kwa bowo ndiko kumalamula, n'chifukwa chake mpope wowombera zipolopolo za mtundu wa .243 Winchester umatha msanga kuposa wowombera za .308 Winchester ngakhale zikopa za zipolopolo zake zili za banja limodzi. Ndipotu mpope wotchipa wokutidwa ndi chrome mkati ungapirire kuposa wa chitsulo chosachita dzimbiri cha 416R chomwe opikisana amakonda.

Tisaiwalenso kuti mpope wodula nthawi zambiri umafika kwa mmisiri wa mfuti usanathe, ndipo iye ndi amene amasema chipinda cholowera chipolopolo ndi kukonza mlomo wotulukira. Chipindacho chikapendekeka pang'ono, kapena mlomo ukakhala ndi kachilema kakang'ono, dzina la Krieger silingapulumutse kanthu. Choncho amene mfuti yake yotchipa ikumwaza, ndisanamulangize kugula mpope wina, ndingayambe ndamupempha kuti aone mlomowo, amange bwino zomangira za galasi loyang'anira, kenako ayese mitundu itatu kapena inayi ya zipolopolo, mtundu uliwonse kuwombera kakhumi.