Lekani kunamiza amayi kuti ngongole ndi mpamba

Dzulo chakumadzulo ndinaona amayi a gulu la banki m'khonde akutulutsa katundu m'nyumba ya mnzawo. Matiresi, mapoto atatu, ndowa ziwiri, wailesi, mpaka mbaula. Mwini wake ndi mayi wamasiye amene amagulitsa tomato m'mbali mwa msewu. Anangokhala pakhonde atagwira tsaya, ana atamuunjirira, osalankhula kanthu. Kulandako kunandiwawa, koma chimene chandigonetsa ndi mkwiyo ndi pakamwa pa anthu oonerera. Ati, "Anadya ndalama za eni ameneyu, geni saidziwa." Anadya chiyani? Munthu amadzuka 4 koloko m'bandakucha kukapikula, amaweruka mdima utagwa, ndiye wina wongoima pamsewu manja ali m'thumba azinena kuti anadya?

Sanadye ayi. Anamira ndi bodza limene takhala tikuuza amayi osauka, lakuti ngongole ndi mpamba. Ngongole si mpamba. Ngongole ndi ndalama ya mwini, ndipo imabwera ndi mimba yake. Imafuna kudyetsedwa mwezi ndi mwezi, kaya malonda ayenda kaya sanayende, kaya mwana wagonekedwa m'chipatala, kaya kwagwa maliro.

Tiyeni tiwerengere limodzi, chifukwa ambiri amene amakonda kulankhula zotukula amayi masamu amawathawa. Mitengo ikusintha tsiku ndi tsiku, ndiye manambalawa ndi ongoyerekeza, inu muikepo a kwanuko. Mayi watenga K100,000 pa chiwongoladzanja cha 20 peresenti pamwezi, monga mmene magulu ambiri amachitira. Wapita ku Lizulu kapena ku Jenda, wapikula tomato wa K80,000. Thiransipoti ya iyeyo ndi dengu lake yadya K14,000. Wonyamula, matikiti a msika ndi majumbo zatenga K6,000. Ndalama yonse yalowa. Akaika pamilu, tinene kuti yatuluka milu 250 ya K500. Pakamwa akuwerengera K125,000, mtima uli m'malo. Koma tomato wapansi pa dengu amafika ataphwanyika. Wina amafewa likafika tsiku lachinayi, uyo umangogulitsa motaya. Kasitomala aliyense amafuna banyira. Madzulo pamafunika wothira mu ndiwo za ana. Zonsezi zikachotsa milu 30 yokha, K15,000 yapita. Wagwira K110,000. Phindu la sabata yathunthu, K10,000. Pamwezi K40,000, ndipo apa ndiye kuti sanadwale ngakhale tsiku limodzi, mvula sinamuthamangitse pamsika, ndipo lole ya tomato wotchipa sinatsitse katundu pafupi naye.

Pa K40,000 imeneyo chiwongoladzanja chikutenga K20,000. Theka! Watsala ndi K20,000 ya masiku 30, yosakwana ndi K700 yomwe patsiku, kuti agule ufa, makala, sopo, alipire lendi. Ndipo K100,000 ija ikumudikirabe, gulu likuifuna yonse. Akaibweza, geni yatha tsiku lomwelo chifukwa imeneyo ndiyo inali dengu. Akamangopereka chiwongoladzanja chokha, pakutha miyezi isanu wapereka K100,000 koma ngongole ikadali K100,000. Akalephera kupereka, ya mwezi woyamba ndi K120,000, wachiwiri K144,000, wachitatu K172,800. Ndiye mundiuze, ndi tomato wanji amene amabereka msanga chotero? Ndi mandasi anji? Ndi usipa wanji?

Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Tsiku lolandira ngongole kumakhala nthungululu, ena kujambula zithunzi, amayi atavala zitenje zofanana, akuluakulu kulankhula kuti amayi tsopano aima paokha. Tsiku lonyamula matiresi sipakhala wojambula.

Musandimve ngati ndikunyoza banki m'khonde. Njira imeneyi ndi yabwino ikamayenda mmene anaikonzera. Inayambira ku Niger m'chaka cha 1991 ndi bungwe la CARE, ndipo mutu wake unali kusunga. Anthu 15 mpaka 25 odziwana, bokosi la maloko atatu, makiyi kwa anthu atatu osiyana, bokosilo kwa wachinayi. Pamsonkhano uliwonse munthu amagula sheya imodzi mpaka asanu malinga ndi mphamvu zake, ndalama zimawerengedwa pamaso pa onse, pamakhala kathumba kapadera ka matenda ndi maliro, ndipo pakatha miyezi 9 mpaka 12 amagawana. Lamulo lalikulu linali lakuti munthu asabwereke zoposa katatu zimene wasunga. Amene wasunga K15,000 malire ake ndi K45,000, basi. Lamulo limeneli ndi limene limateteza wosauka kuti asasenze mtolo womuthyola khosi.

Lero magulu ambiri alitaya. Akuti ndalama isagone m'bokosi, ndiye aliyense akukakamizidwa kubwereka, ngakhale amene alibe chochita nayo. Amene wakana amamunena kuti akufuna kudzadya thukuta la anzake pogawana. Ena akubwereketsa mpaka anthu akunja kwa gulu amene sakuwadziwa kumene amagona. Ndiye pali bodza lina lakuti musadandaule, chiwongoladzanjacho chimabwerera kwa inu nomwe. Chimabwerera kwa ndani? Pogawana amatsata masheya. Mkazi wa aphunzitsi kapena mwini golosale amene amagula masheya asanu sabata iliyonse ndi amene amatenga gawo lalikulu. Wa tomato amene amagula sheya imodzi koma wabwereka zambiri ndi amene wadzaza bokosilo, ndipo pogawana amatola nyenyeswa. Wosauka akunenepetsa wopezako bwino, m'gulu limodzi, pamphasa imodzi. Kumeneko si katapila wovala chitenje?

Chimatsatira n'chodziwika. Mayi amalowa gulu lachiwiri kuti abweze ngongole ya gulu loyamba, kenako lachitatu kuti atseke ya lachiwiri. Lolemba msonkhano, Lachitatu msonkhano, Lachisanu msonkhano, benchi ya tomato ikuyang'aniridwa ndi mwana amene wajomba kusukulu. Mapanga awiri avumbwitsa. Mapeto ake amakagwa m'manja mwa wakatapila weniweni, kapena amathawa usiku kupita kumudzi kusiya zonse.

Inde kwacha inagwa, mvula ikuvuta, ntchito kulibe, zonsezo tikuzidziwa. Koma ngongole siichiza chimodzi mwa zimenezi.

Chimene chimamukweza mayi wa geni ndi mpamba wakewake, ngakhale uchepe bwanji, umene palibe wina akuuitanitsa pakutha pa mwezi. K20,000 yako yochokera ku ganyu, ku chipereganyu, ku nkhuku zimene wagulitsa kapena ku Mtukula Pakhomo ikuposa K100,000 ya eni. Ikabala K3,000, yonseyo ndi yako. Ikagwa, wagwa nayo wekha, palibe wobwera kudzazula chitseko. Ndipo mpamba umenewo uyenera kukhala ndi mpanda. Ndalama ya tsiku igawidwe patatu madzulo omwewo, isanagone m'chitenje chimodzi. Yoyamba ndi yokaodera katundu wina, imeneyo siikhudzidwa ngakhale kubwere alendo. Yachiwiri ndi malipiro a mayi mwini, nambala yokhazikika patsiku, imeneyo ndiye ya ndiwo ndi sopo. Yachitatu ndi yosunga, ipite ku masheya kapena ku Airtel Money kapena ku TNM Mpamba, kumene dzanja silifika msanga. Amene sadziwa kulemba asachite manyazi, zitini zitatu zikwanira, kapena mwana wa Sitandade 6 amulembere m'kope madzulo aliwonse: zalowa zingati, zatuluka zingati, zaola zingati, wakongola ndani.

Wa mandasi awerenge kuti kilogalamu imodzi ya fulawa ikumupatsa mandasi angati. Ambiri sadziwa, amangoumba ndi maso, lero akulu mawa ang'ono. Aphatikize fulawa, shuga, isiti, mafuta, makala ndi mapepala okulungira, agawe ndi chiwerengero cha mandasiwo, aone kuti limodzi lamudyera zingati asanalitchule mtengo. Mafuta ndi amene amapha geni imeneyi mwakachetechete. Moto ukachepa, mandasi amamwa mafuta ngati thonje, botolo limene limayenera kukazinga kawiri limatha kamodzi. Atatu amene ana atenga popita kusukulu awerengedwenso, si aulere. Wa kaunjika adziwe kuti belo imabwezedwa ndi zovala zoyamba kusankhidwa. Zabwinozo zikapita motchipa tsiku lotsegula chifukwa anzake amunyengerera, zotsalazo sizingabweze ndalama ya belo ngakhale akhale nazo miyezi iwiri.

Mtengo wogulitsira uzitsata mtengo umene ukapikulire mawa, osati umene unapikulira dzulo. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, amayi amene anagulitsa katundu wawo pamtengo wakale ankaona ngati malonda ayenda, koma atabwerera kokaoda anapeza kuti ndalama yomwe ija ikugula katundu wochepa kwambiri. Mpamba unasungunuka ali maso.

Nanga ngongole za aneba? "Ndipatseniko tomato wa ndiwo, ndikupatsani pakutha pa mwezi." Anthu khumi akatero, mpamba wonse uli m'miphika ya eni, ndipo ukapita kukaitanitsa ndiwe woipa. Mayi amene wabwereka kugulu pa 20 peresenti akukongoza aneba ulere. Aphunzire kukana. Udani wa tsiku limodzi ndi wopepuka poyerekeza ndi kutulutsidwa mapoto pamaso pa aneba omwewo, amene dzulo anali patsogolo kuonerera.

Kodi ndiye kuti ngongole isatengedwe n'komwe? Itengedwe pamene geni yayenda kale miyezi ingapo ndi ndalama yakeyake, kope likuonetsa kuti phindu la pamwezi likuposa chiwongoladzanja kutalitali, ndipo pali chinthu chenicheni chimene ndalamayo ikukagula. Ndipo nthawi yobweza igwirizane ndi nthawi imene katunduyo amabweza ndalama. Kupikula nyemba, mtedza kapena mpunga nthawi yokolola, cha mu Meyi ndi Juni, n'kusunga mpaka Disembala kapena Januwale mitengo itakwera, ndi geni yabwino, bola mbewuzo ziume bwino ndipo zisungidwe m'matumba a PICS, osalowa mpweya aja, kuti anankafumbwe asalowe. Koma kuchita zimenezi ndi ngongole ya 20 peresenti pamwezi ndi kudzikumbira dzenje, chifukwa pa miyezi isanu ndi umodzi chiwongoladzanja chokha chaposa ndalama imene unabwereka. Geni yodikira imafuna ndalama yako, kapena ngongole ya ku SACCO, bungwe la mamembala losunga ndi kubwereketsa ndalama, imene chiwongoladzanja chake n'chotsika ndipo nthawi yobweza ndi yaitali. Aliyense wobwereketsa afunsidwe mafunso atatu asanasainitse: peresenti imeneyi ndi ya pamwezi kapena ya pachaka, mukudula zingati ndisanalandire, ndipo mnzanga wa m'gulu akathawa ndilipira ndine? Funso lachitatuli ndi limene lalizitsa amayi ambiri amene ngongole yawo anabweza bwinobwino.

Ndalama yogawana mu Disembala nayonso imapita ngati madzi: feteleza, Khirisimasi, fizi ya Januwale, ndiye chaka chatsopano kuyambiranso pa ziro ndi ngongole ina. Gawo lina lisanduke chinthu chooneka tsiku lomwelo logawana. Mbuzi yaikazi imatenga bere miyezi isanu, m'chaka khola layamba. Njinga imachotsa ndalama ya kabaza ndi wonyamula. Makina osokera amagwira ntchito zaka. Kapuloti kalembedwe m'dzina la mayi mwini, mboni zilipo, pepala lisungidwe kwa munthu wodalirika, chifukwa ngakhale lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaletsa kulanda katundu, achibale olanda sanathe m'midzimu. Chuma ndi zimenezi, zinthu zimene zimatsala m'manja mwako. Ngongole siitsala, imabwerera kwa mwini wake itanyamula ndi zako.

Ndipo inu amene mumabwera ndi mapulogalamu otukula amayi, amene mukuwafikira ndi ati? Mayi wolumala amene sangakankhane pokwera lole ya kumsika, mayi wachialubino amene sangakhale padzuwa tsiku lonse akugulitsa, amayi a ku Nsanje ndi Chikwawa amene madzi amawakokolera katundu, magulu amawakana chifukwa alibe cholanda. Amenewa apatseni mbuzi, sikelo, ambulera ndi benchi yapamthunzi, muwaphunzitse kope, mubwerenso pakatha miyezi itatu kudzaona. Musawapatse fomu ya ngongole.

Abambo inunso, musabisale. Ndalama zambiri zimene amayi akulandidwira mapoto sizinalowe mu geni n'komwe. Mayi akangofika nayo pakhomo, inu muli pakhomo pomwepo: ndibwerekeko ndikakonzetse njinga yamoto, ndibwerekeko ndikabetche mpira, ndibweza Loweruka. Loweruka likafika mwasanduka mkango, ati ndalama ya mkazi wanga ndi yanga. Dzina lolembedwa m'buku la gulu ndi la mkazi, wonyozedwa pamsonkhano ndi mkazi, wolipira faindi ndi mkazi. Tsiku lotulutsa matiresi inu mwazemba kale, muli pa bawo.