Munthu wa malungo sathyola tiyi, akapitawo imvani

Ndakwiya kwambiri. Mlamu wanga wakomoka dzulo m'munda wa tiyi pa esiteti ina kuno ku Thyolo, dengu lili kumsana. Kuchipatala anali atamupeza ndi malungo, LA wangoyamba kumwa, akapitawo n'kutumiza uthenga kuti akajombanso dzina lake alifufuta. Mayi wa ana akanatani? Anadzuka mbandakucha thupi lili moto, kukalowa m'mizere yonyowa ndi mame mpaka m'chiuno.

Ndiye mwapindulanji akapitawo? Dengu silinafike ndi theka lomwe. Amayi awiri anasiya kuthyola kuti amunyamule, wina anathamangira thirakitala, gulu lonse linaima kuonerera. Pofuna makilo a munthu mmodzi mwataya a anthu angati? Kuthamanga sikufika.

Wodwala sagwira ntchito, amangooneka pantchito. Manja akunjenjemera, maso akuchita chidima, mukuti asankha bwanji masamba awiri ndi kansonga? Azingozula chilichonse, pasikelo mum'bwezenso kuti tiyi wake ndi wokhwima. Dzina m'kaundula lalembedwa, eya, koma tiyi palibe. LA amamwa masiku atatu okha, m'mawa ndi madzulo. Masiku atatu! Mukanamusiya amalize mankhwala ali gone akanabwera ndi mphamvu zake. Pano agona sabata yathunthu, mwina kuposa, ndipo mzere wake udzakula wopanda wothyola.

Tonse tikudziwa kuti mvula ikagwa tiyi amaphuka kwambiri, udzudzu nawonso umaswana nthawi yomweyo. Chaka chilichonse zimatero, si zachilendo. Nanga bwanji mumachita ngati malungo ndi ulesi?

Lamulo la ntchito la 2000 limapatsa wodwala masabata 4 a malipiro onse ndi masabata 8 a theka, koma pokhapokha atagwira miyezi 12 mosalekeza. Othyola ambiri amalembedwa nyengo ya mvula yokha, miyezi 12 aiona kuti? Ndiye amabisa matenda, kumwa panado n'kumangirira chitenje, kuti dzina lisafufutidwe. Wa chifuwa nayenso amabisa, n'kumatsokomolera anzake pamzere wa sikelo.

Komanso inu anzanga a m'mudzi mukundinyansa. Masikito amene boma limagawa ulere mwakutira nazale ya tomato, ena mwatchingira anapiye, ana akugona pamtetete udzudzu ukuwadya usiku wonse.