Za dandaulo lakuti "ndinabayitsa katemera koma ndinadwalabe"

Mu Disembala 2021 malume anga, amene anali atabayitsa katemera wa kolona wa AstraZeneca kawiri konse, anagona masiku anayi ndi kolona. Nditapita kukawazonda ndinawapeza atadzifunditsa bulangete pamwamba pa beseni la madzi otentha a masamba a bulugamu, ndipo atavundukula nkhope, thukuta lili chuchuchu, moni wawo unali wakuti, "Mphwanga, aja anatibaya madzi." Tsiku limenelo sindinawatsutse, pakuti wodwala sakangana naye, koma mpaka lero ndimaona kuti anaweruza katemerayo molakwa, ndipo amene amaganiza ngati iwo ndi ambiri.

Ife tinakula tikudziwa katemera wa chikuku, amene mwana akalandira mokwanira nkhani imathera pomwepo. Chikuku n'chotero ndithu: mu 1846 chitabuka pa zilumba za Faroe ku Ulaya, dokotala Peter Panum anapeza kuti okalamba amene anachidwala mu 1781 sanachitengenso, ngakhale panali patadutsa zaka 65. Cholakwika chathu n'chakuti timayesa matenda onse ndi muyeso wa chikuku, pamene kolona ndi fuluwenza zili ndi khalidwe lina.

Kachilombo kakalowa m'thupi, kapena munthu akabayitsa katemera, pamatenga sabata imodzi mpaka zitatu kuti magazi akhale ndi tizinthu totchedwa ma antibody, timene timamatirira pa timinga ta kachilomboko kuti kalephere kulowa m'maselo. Antibody aliyense amagwira kachilombo kake kake, monga chivundikiro chimene chimakwana pa poto wake yekha. Pakapita miyezi ma antibody amenewa amachepa m'magazi, ndipo izi si chizindikiro chakuti thupi laiwala, chifukwa kumatsala maselo osunga chikumbukiro amene amayambanso kuwapanga mdani akabwerera, komanso maselo a mtundu wa T amene amapha maselo ogwidwa kale. Mawu athu akuti "asilikali a m'thupi" ndimawakonda, koma amaphimba kusiyana kumeneku: alonda a pachipata akhoza kuchepa, chimfine n'kulowa, koma a m'kati n'kukhalabe okonzeka kuteteza mapapo.

Chikumbukirocho chimakhalitsa kuposa mmene ambiri timaganizira. Mu 2008 akatswiri a ku America anayeza magazi a nkhalamba zimene zinali ana pa nthawi ya mliri wa fuluwenza wa 1918, umene unapha anthu mamiliyoni makumimakumi, ndipo anapeza kuti matupi awo anali akuthabe kupanga ma antibody olimbana ndi kachilombo ka chaka chimenecho, patatha zaka 90. Nanga bwanji fuluwenza timaidwala mobwerezabwereza? Chifukwa chake n'chakuti kachilomboko kamasintha timinga take pang'onopang'ono chaka ndi chaka, mpaka chivundikiro chakale chija chimayamba kugwedera. N'chifukwa chake bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limaunikanso katemera wa fuluwenza kawiri pachaka, mu Febuluwale pokonzera mayiko a kumpoto kwa dziko lapansi ndi mu Seputembala pokonzera a kumwera. Pano ndionjezepo kuti chinenero chathu chimatisokonezanso pang'ono, popeza mawu amodzi akuti chimfine timatchulira fuluwenza ndi tizilombo tina tambirimbiri toyambitsa mamina, kuphatikizapo mitundu inayi ya kolona yakalekale imene munthu amatha kuitenganso pakangotha chaka.

Zimene zinawachitikira malume n'zomwezo. Katemera amene anafika m'Malawi mu Malichi 2021 anapangidwa potengera kachilombo koyamba ka kolona ka ku Wuhan m'dziko la China, pamene kamene kanawagwira kayenera kuti kanali Omicron, kamene akatswiri a ku Botswana ndi South Africa anakazindikira mu Novembala chaka chomwecho, kali ndi kusintha koposa 30 pa timinga take. Kudwala kwawo sikunali kodabwitsa. Choyenera kuyang'ana ndi mmene anadwalira. Aliyense amene akukumbukira Januwale 2021, mwezi umene nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira ndi kolona tsiku limodzi, anthu akusakasaka mpweya wa okosijeni, akudziwa kuti bambo wa zaka zoposa 60 wodwala shuga, monga malume, sankayembekezeka kudzuka pa tsiku lachisanu n'kupempha nsima ya usipa.

Ena adzanditsutsa kuti Amalawi ambiri anapeza chitetezo popanda jakisoni, ndipo pamenepa akunena zoona, pakuti kafukufuku wa magazi operekedwa ku Malawi Blood Transfusion Service anaonetsa kuti pofika pakati pa 2021 opereka magazi oposa theka anali ndi ma antibody a kolona. Chitetezo chobwera ndi matenda ndi chenicheni, sindikuchinyoza, ndipo chikaphatikizana ndi cha katemera chimalimba kuposa chilichonse pachokha. Chimene sindivomereza n'kuchiwerenga ngati chaulere, chifukwa amene anayezedwa magaziwo ndi okhawo amene anapulumuka, ndipo amene tinawaika m'manda mothamanga, popanda kugona pasiwa, sanalowe m'chiwerengerocho.

Malume akadali ndi khadi lawo la katemera, lopindidwa pakati pa buku la nyimbo, ndipo sanasinthe maganizo. Amati anachira ndi bulugamu.