Inu opanga mawebusayiti, tamverani kuno

Ana inu, luso muli nalo, sitikukana. Koma mphwayi zanu zanyanya. Mumapanga tsamba, n'kuliyang'ana ndi maso anu akuthwawo, n'kudina ndi mausi kawiri katatu, basi mwati ntchito yatha. Nanga amene saona alowera pati?

Munthu wosaona amadalira pulogalamu yomuwerengera mokweza zimene zili pa sikirini: NVDA kapena JAWS pa kompyuta, TalkBack pa Android, VoiceOver pa iPhone. Pulogalamuyo ilibe maso. Ikafika pa chithunzi, imawerenga mawu amene inu munalemba kuseri kwake, aja mumati alt text. Mukasiya osalemba, imamutchulira dzina la fayilo lodzaza manambala, ndipo pa mabatani opanda dzina imangoti "batani, batani". Batani lanji? Lolipirira kapena lofufutira? Mapeto ake munthu wamkulu, waulemu wake, amakapempha wina kuti amudinire, n'kumuululira zachinsinsi zake zonse. Manyazi amenewo mwamuchititsa ndinu. Ena mumachita kujambula chikalata chathunthu n'kuchiika ngati chithunzi, ati mwalengeza kwa onse. Onse ake ati?

Ndiye pali tizinthu tanu tothwanimathwanimato. Mu 1997 ku Japan, ana mazanamazana anathamangira nawo kuchipatala chifukwa cha kuthwanima kwa katuni ya pa TV. Si nthabwala kwa wodwala khunyu. N'chifukwa chake malangizo a WCAG, opangira mawebusayiti oti aliyense athe kuwagwiritsa ntchito, ochokera ku W3C, bungwe loika miyezo ya mawebusayiti, amachenjeza za chinthu chothwanima koposa katatu pa sekondi imodzi. Vidiyo yongoyamba yokha ndi phokoso, zotsatsa zodumphadumpha m'mbali, zimenezi zimabalalitsa munthu wa autism kapena ADHD, amene ubongo wake umasokonezeka msanga ndi phokoso kapena zoyendayenda, mpaka amangotseka tsambalo. Wa dyslexia amawerenga pang'onopang'ono; fomu yanu ikutha nthawi iye ali pakati, zonse analemba zija n'kufufutika.

Timalemba totuwa pamalo poyera, ati kukongoletsa! WCAG imati kuwala kwa malemba wamba kusiyane ndi kwa kumbuyo kwake pa mlingo wosachepera 4.5:1. Ndipo musamasonyeze polakwika ndi mtundu wofiira wokha, poti pafupifupi mwamuna mmodzi pa 12 alionse sasiyanitsa bwino mitundu. Lembani ndi mawu kuti palakwika apa. Mavidiyo aikeni mawu owerenga kuti osamva atsatire nawo.

Musandiuze kuti anthuwa ndi ochepa. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati anthu pafupifupi 1.3 biliyoni padziko lonse ali ndi ulumali waukulu. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe: maso anuwo adzachita chidima, manja adzayamba kunjenjemera.

Musanapereke ntchito kwa mwiniwake, zulani mausi. Yendani tsamba lonse ndi kiyibodi yokha, mukudina batani la Tab, muone ngati mungafike pa fomu, kuilemba ndi kuitumiza. Kenako yatsani NVDA, ndi yaulere, muzimitse sikirini n'kuyesanso. Pamene mwakakamira, konzani pomwepo musanalandire malipiro.