Akamayeza thiraki aziganizirako malo a dalaivala

Anthu akaona zithunzi za mathiraki a ku America pa Facebook, aja a mphuno zazitali okhala ndi chipinda kumbuyo kwa mpando, amati kumeneko amangokonda zinthu zikuluzikulu. Ine ndimakana. Mphuno ija inafala chifukwa cha lamulo, ndipo ndi lamulonso limene limachititsa kuti mathiraki ambiri a kwathu kuno akhale a nkhope yaphwatalala, dalaivala atakhala pamwamba pa injini.

Mu 1982 nyumba ya malamulo ya ku United States inakhazikitsa Surface Transportation Assistance Act. Lamuloli linati pa misewu ikuluikulu ya dziko lonse palibe chigawo chimene chingaletse ngolo ya mafiti 48, kapena ngolo ziwiri za mafiti 28 iliyonse. Koma mfundo imene inasintha zinthu ndi iyi: zigawo zinaletsedwa kuika malire pa utali wa thiraki yonse, mutu ndi ngolo pamodzi. Tepi imayeza ngolo basi. Mutu ukhoza kutalika, katundu osachepa. Lero ngolo yofala kumeneko ndi ya mafiti 53.

Tiike manambalawa m'mamita kuti tigwirizane. Inchi imodzi ndi masentimita 2.54, mainchi 12 ndiwo fiti imodzi, ndiye fiti ndi masentimita 30.48, monga momwe mayiko olankhula Chingelezi anagwirizanirana mu 1959. Mafiti 48 ndi mamita 14.63. Mafiti 53 ndi mamita 16.15. Ngati mulibe foni pafupi, chulukitsani mafiti ndi 3 n'kugawa ndi 10, koma dziwani kuti yankho limaperewera: 53 ikupatsani 15.9, mwataya masentimita 25. Pocheza zilibe kanthu, koma pamaso pa wapolisi wogwira tepi masentimita amenewo ndi mlandu.

Tsopano taonani ku Ulaya. Lamulo lawo la 1996 limayeza zonse, kuyambira kubampala yakutsogolo mpaka kumapeto kwa ngolo, ndipo malire ndi mamita 16.5. Ndiye kuti ngolo yokha ya ku America yatsala pang'ono kufanana ndi thiraki yathunthu ya ku Germany. Ngolo yawo ndi ya mamita 13.6. Chotsani pa 16.5, patsala mamita 2.9. M'menemo mukhale chiwongolero, mipando, bedi, ndi mpata woti ngolo izitembenuka osagunda mutu. Mphuno ingakwane pati?

Kumwera kwa Africa kuno tinatsata njira yoyeza zonse. Ku South Africa mutu ndi ngolo imodzi zisapitirire mamita 18.5, pamene superlink, ija ya ngolo ziwiri, malire ake ndi mamita 22. Ngolo zakezo nthawi zambiri imodzi imakhala ya mamita 6, ina ya 12, ndipo si mwangozi. Kontena ya 40 fiti ndi mamita 12.19, ya 20 fiti ndi mamita 6.06. Yaing'onoyi sikwana n'komwe mafiti 20 enieni, anaichepetsa pang'ono kuti ziwiri zizikwana pamalo a yaikulu imodzi. Kontena inawerengeredwa mpaka inchi yomaliza. Munthu woiyendetsa ndiye amalandira zotsala.

Apa ndi pamene mtima wanga umawawa. Mwini thiraki aliyense amadziwa kuti mita ya ngolo imabweretsa ndalama, mita ya mutu sibweretsa kanthu. Lamulo likangopereka nambala imodzi ya zonse, sipafunika kuombeza kuti tidziwe mbali imene idulidwe. Koma abale athu amene amachoka ku Blantyre kupita ku Durban, ku Beira kapena ku Dar es Salaam, mutu wa thiraki ndiyo nyumba yawo. Pitani pa chipata cha Mwanza kapena Songwe madzulo mukaone: mathiraki ali ndondondo kudikira mapepala, bambo akuphika nsima pambali pa tayala, zovala zayanikidwa pagalasi, kenako akwera kukadzipinda pakabedi kopapatiza kuseri kwa mpando, thumba la ufa kumapazi. M'mawa munthu yemweyo ayendetsa matani oposa 50 kudutsa pamsika podzaza ana asukulu. Tulo take ndi nkhani ya tonsefe.

Sindikunena kuti tibweretse ngolo za mafiti 53. Thiraki ikamakhota, matayala akumbuyo satsata pamene adutsa akutsogolo, amadulira mkati, ndipo ngolo ikatalika amadulira kwambiri. Wakabaza amene waima pakona poganiza kuti mutu wadutsa kale, amakokedwa ndi ngolo. Misewu yathu ndi yopapatiza, m'mbali mwake munadyeka, ndipo zitunda za ku Chiweta sizifanana ndi misewu ya ku Texas. Malire a ngolo akhalepo, ndipo azitsatidwa mosanyengerera.

Chimene ndikupempha n'choti nambala ya katundu ndi nambala ya munthu zisiyanitsidwe. A ku Ulaya anayamba kale kutero. Mu 2015 anasintha lamulo lawo kuti mutu uzitha kutalikirapo ngati utaliwo ukuthandiza dalaivala kuona bwino, kukhala motakasuka, ndi kuchepetsa mafuta, bola malo a katundu asawonjezeke. Mayiko a SADC akamakhala pansi kugwirizanitsa malamulo a mathiraki odutsa malire, mfundo imeneyi ikhale patebulo, ndipo mabungwe a madalaivala aitanidwe adzanene okha kuti munthu wogona m'thiraki milungu yathunthu amafunika malo aakulu bwanji.